Vaneti Yokwezedwa: Yalimba Kodi, Kapena Yangobisa Katundu?

Aliyense amene anapikulapo katundu ku City Market, m'mbali mwa msewu wa Lumumba, kapena ku Soweto kumene kuli kufupi ndi komweko, amawadziwa mavaneti amene amaima m'mizere kuyembekezera wowacita hayala. Ndiwo amene amanyamula matumba a ufa, makala, kabici, malata ndi simenti kupita nazo ku Kabwata, ku Chelstone ndi ku makomboni onse a mzinda wa Lusaka. Ndiwonso amene ife Akhristu timathamangira pakagwa maliro, pakakhala ukwati, kapena kwaya yathu ikaitanidwa kukaimba ku parishi ina.

Munthu wopenya bwino adzaona kuti ambiri mwa mavaneti amenewa saimanso monga anaimira pocoka ku fakitale. Ena atukuka kumbuyo ngati nkhuku imene ikujompha cimanga pansi, cifukwa eni ake anaonjezerako masipuring'i. Ena anakwezedwa kutsogolo kuti alingane ndi kumbuyo. Ndipo m'misewu ya ku Woodlands ndi ku Kabulonga timakumana ndi ena a zitseko zinai amene anakwezedwa mbali zonse ndi kuikidwa matayala aakulu, kotero kuti mai wovala citenje amavutika kukwera. Mukafunsa eni ake, onse amayankha cimodzimodzi, kuti galimoto tsopano yalimba.

Owerenga athu okondedwa, mwina mudabwa kuona nkhani ya zitsulo m'magazini ya banja. Cifukwa cake n'cakuti amene amakhala kumbuyo kwa mavaneti amenewa ndi amai athu, ana athu ndi odwala athu. Kukweza galimoto kuli ndi malo ake, ndipo sitikuletsa. Koma pali cinthu cimodzi cimene mwini galimoto, woicita hayala ndi woikwera ayenera kudziwa. Sipuring'i yoonjezera imaletsa galimoto kutsika ndi katundu, koma sionjezera mphamvu ya mabuleki, ya matayala kapena ya zitsulo zimene zimagwira thupi lonse la galimotoyo. Katundu wopitirira muyeso amangobisika, kulemera kwake kumakhalapobe.

Mmene vaneti inalowera m'moyo wathu

Akuluakulu akumbukira masiku a mabasi a UBZ, ndiponso mavaneti a Peugeot ndi Datsun amene anali owerengeka pamsewu. Zinthu zinasintha kuyambira mu 1991, pamene boma latsopano linamasula malonda. Magalimoto ogwiritsidwa kale nchito ocokera ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo UBZ itatsekedwa mu 1995, nchito yonyamula anthu ndi katundu inatsala m'manja mwa anthu wamba. Abambo ena amene anacotsedwa nchito m'makampani a boma anagula vaneti ndi ndalama zimene anapatsidwa, kuti banja lipezerepo cakudya ndi fizi ya ana. Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, pamodzi ndi Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Ford Ranger, ndiwo maina amene anazolowereka pakamwa pathu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakankha mwini vaneti kupita kwa makaniko. Coyamba ndi ndalama. Mafuta ndi odula, ndipo wamalonda amafuna kuti katundu wake yense apite paulendo umodzi. Sitingamuweruze msanga. Ambiri mwa amalonda a mu City Market anataya zonse m'moto wa mu July 2017 ndi kuyambanso ndi manja okhaokha, kotero ngwee iliyonse amaiwerenga.

Caciwiri ndi misewu. Mzinda wathu unamangidwa pamalo athyathyathya, ndipo mvula ikalimba mu January ndi February madzi amaima ku Kanyama, ku Misisi ndi ku Chawama. Nchito ya L400, imene inayamba mu 2013, inaika tala m'misewu yambiri, komabe tinjira ta m'kati mwa makomboni ndi ta ku mafamu a ku Chongwe tikali ndi maenje ndi miyala. Munthu amene galimoto yake inagundapo pansi amalakalaka itakwerako pang'ono. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Tiyeni tsono tione zimene zimacitika pansi pa galimoto.

Cifukwa cake kumbuyo kumakhala kokwera

Vaneti yatsopano, ikakhala yopanda kanthu, kumbuyo kwake kumakhala kokwera pang'ono kuposa kutsogolo. Ena amaganiza kuti ndi cilema. Koma opanga anacita dala. Kutsogolo kuli injini, imene kulemera kwake sikusintha. Kumbuyo anasiyako mpata woti galimoto itsikire ikalandira katundu. Vaneti ikasenza katundu woyenera imalingana yokha, nyali zake zimaloza pamsewu, ndipo matayala onse anai amagwira pansi bwino.

Kumbuyo kwa vaneti kuli masipuring'i a zitsulo zazitali zosanjikizana, zimene amakaniko amati ma leaf. Citsulo ca pamwamba n'cacitali ndi cofewa, zapansi n'zazifupi ndi zolimba. Pa mavaneti ambiri, citsulo ca pansi penipeni n'cokhuthala ndipo sicigwira nchito mpaka katundu atalemera. Mwa njira imeneyi galimoto imayenda mofewa ikakhala yopepuka, ndi kulimba ikasenza. Kutsogolo, mavaneti akale monga Nissan Hardbody ndi ma Isuzu KB ambiri ali ndi ndodo ya citsulo yopotoka, torsion bar, pamene Hilux ya kuyambira ca m'ma 2005 ili ndi sipuring'i yozungulira.

Pambali pa sipuring'i iliyonse pali shock. Anthu ambiri amasokoneza nchito za ziwirizi. Sipuring'i ndiyo imasenza kulemera. Shock sisenza kanthu, nchito yake n'kuletsa sipuring'i kuti isapitirize kudumphadumpha tayala likagunda dzenje. Ziwirizi anaziyeza pamodzi ku fakitale, monga ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi. Mukasintha imodzi ndi kusiya inzake, ngolo siyenda bwino.

Opanga analembanso malire a kulemera, pa kacitsulo kamene kamakhala pa khomo la woyendetsa kapena pafupi ndi injini, ndiponso m'buku la galimoto. Mavaneti ambiri amene timaona ku City Market ndi onyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti makilogalamu 1,000. Amenewa ndi matumba 20 a makilogalamu 50, kaya ndi a simenti, a cimanga kapena a feteleza. Ndipo kawirikawiri woyendetsa, womuthandiza ndi mwini katundu amawerengedwa m'kati mwa tani yomweyo. Tikakamba za anthu, akuluakulu 15 olemera makilogalamu 70 aliyense afika kale pa 1,050. Owerenga adzifunse okha kuti pa maliro apitawa m'dera lao, vaneti imodzi inanyamula anthu angati.

Vaneti ikatsika kumbuyo mpaka kutsala pang'ono kukhudza matayala, imakhala ikucenjeza mwini wake kuti katundu wakwana. Cenjezo limeneli ndilo limene ma leaf oonjezera amacotsa.

Nchito zitatu zimene amakaniko amacita

Yoyamba, imene ili yofala pakati pa onyamula katundu, ndiyo kuonjezera ma leaf. Makaniko amamasula mtolo wa zitsulo ndi kulowetsamo cimodzi, ziwiri kapena zitatu, nthawi zina zocotsedwa pa galimoto ina yaikulu. Vaneti imatukuka kumbuyo, ndipo ngakhale muikemo matumba 35 kapena 40 sioneka yolemedwa. Citsulo cimodzi ca muyeso woyenera, coikidwa pa galimoto imene imanyamula tsiku ndi tsiku katundu wololedwa, cingathandize, makamaka ngati masipuring'i akale atopa. Vuto limabwera pamene colinga n'kupitirira malire. Palinso ngozi ina. Mabauti opindika amene amamanga mtolowo ku axle ayenera kukhala atsopano ndi aatali mokwanira. Akale akabwezeredwa, amamasuka pang'onopang'ono ndipo axle imatha kusuntha. Citsulo ca sipuring'i cothyoka siciyenera kuwocereredwa kapena kuongoledwa ndi moto, cifukwa moto umacotsa mphamvu yake ndipo cidzathyokanso pamalo omwewo.

Yaciwiri ndiyo kulinganiza, kutanthauza kukweza kutsogolo kuti kufanane ndi kumbuyo. Pa galimoto ya torsion bar, makaniko amangomanga bauti ndipo mphuno ya galimoto imadzuka. Pa ya sipuring'i yozungulira amaika kacitsulo kokhuthala pamwamba pake. Nchitoyi ndi yacangu ndi ya mtengo wotsika, ndipo galimoto imaoneka bwino ikakhala yopanda kanthu. Koma taganizani zimene zimacitika ikalandira katundu. Kumbuyo kumatsika monga kale, ndipo popeza kutsogolo kunakwezedwa, galimoto imaloza kumwamba. Nyali zimathobwa m'maso oyendetsa obwera kutsogolo, ndipo ciwongolero cimapepuka. Komanso tayala lakutsogolo lili ndi mtunda umene limayenda kukwera ndi kutsika. Mukakweza galimoto motere mwadya kale gawo la mtunda wotsikira, kotero tayala likalowa m'dzenje limafika pamapeto msanga, ndipo mumamva kugunda kwamphamvu.

Yacitatu ndiyo kukweza galimoto yonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Imeneyi ndiyo imakondedwa ndi alimi, oyenda m'chire, ndi anyamata ofuna kuoneka. Ikacitidwa bwino, ndi masipuring'i ndi ma shock opangidwira mtundu umenewo wa galimoto, ndi kukweza kosapitirira mamilimita 50, galimoto imatha kuyenda bwino m'misewu yoipa. Ikacitidwa ndi tizitsulo tongosanjika pansi pa masipuring'i, ma shock akale nakhala omwewo, mavuto amayamba. Ma shock amakhala aafupi ndipo amakokedwa mpaka kuonongeka. Mapaipi a mabuleki amakungika. Pa galimoto yokoka ndi matayala onse anai, zolumikizira za kutsogolo zimagwira nchito zitapendeka, mphira zake zimang'ambika ndipo zimatha msanga.

Pano pali cinsinsi cimene ambiri sauzidwa. Malo otsika koposa pansi pa vaneti ndi difu, cija cotupa ca pakati pa axle ya kumbuyo. Difu imakhala pa matayala, sikhala pa masipuring'i. Mungakweze thupi la galimoto mmene mungafunire, difu idzakhala pamene inali, ndipo mwala umene unkaigunda udzaigundabe. Cimene cimakweza difu ndi matayala aakulu okha. Koma matayala aakulu amalemetsa mabuleki, amadyetsa mafuta, ndipo amanamiza mita ya liwiro, kotero kuti woyendetsa amaona 100 pamene akuthamanga kuposa pamenepo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene amamva okhala kumbuyo

Woyendetsa amakhala pampando wofewa, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, pamene kugwedezeka kumakhala kocepa. Iye si mboni yabwino ya mmene galimoto yake imayendera. Mboni zenizeni ndi aja okhala pa citsulo kumbuyo, pamwamba penipeni pa axle kapena kuseri kwake.

Masipuring'i olimbitsidwa kuti asenze matani awiri sapindika konse akasenza anthu asanu kapena khumi. Dzenje lililonse ndi hampu iliyonse zimapita molunjika m'misana ya okwera. Ma shock akale sangathe kugwira masipuring'i olimba cotere, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumadumpha ngati mwana wa mbuzi. Amene anaperekezapo maliro ku Chingwere kapena ku Leopards Hill atakhala kumbuyo kwa vaneti yotere akudziwa zimene tikunena. Kwa mnyamata ndi nkhani yoseka. Kwa agogo a msana wowawa, kwa mai woyembekezera, kapena kwa wodwala amene agonekedwa pa matiresi kupita naye ku UTH, ndi cizunzo, ndipo nthawi zina ndi ngozi. Munthu wokhala m'mphepete mwa bodi angathe kuponyedwa kunja galimoto ikagunda hampu mwaliwiro.

Kudumpha kumeneku sikupweteka misana yokha. Tayala limene lili m'mwamba, ngakhale kwa kanthawi kocepa, siligwira msewu. Pa msewu wa dothi wa mabampu, vaneti yopanda katundu ya masipuring'i olimba imataya kumbuyo kwake pokhota, ndipo pa tala wonyowa imatsetsereka msanga. Oyendetsa ena amaonjezera vutoli mwa kupopa matayala kwambiri ndi kuwasiya comweco ngakhale katundu atatsitsidwa. Mpweya wa galimoto yolemedwa ndi wina, wa yopepuka ndi winanso, ndipo manambala onse awiri analembedwa pa khomo la woyendetsa.

Palibe sipuring'i imene ingasenze matumba 40 m'mawa ndi kunyamula bwino amai a Legio ya Maria masana. Mwini galimoto ayenera kusankha nchito yeniyeni ya galimoto yake, pakuti mapanga awiri avumbwitsa.

Zimene sipuring'i singasinthe

Tiyambe ndi mabuleki. Mabuleki amaimitsa galimoto mwa kusandutsa liwiro lake kukhala kutentha. Katundu akaculuka, kutentha kumaculukanso, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kutenthako kumawirikiza kanai. M'tauni mwina simungaone kusiyana. Koma potsika mapiri a Manenekela, pa msewu wa Great East wopita ku mlatho wa Luangwa ndi ku Chipata, mabuleki otentha amafooka, ndipo woyendetsa amaponda koma galimoto osamva.

Pa mavaneti ambiri akale, monga ma Hilux a zaka za m'ma 1990, pali cinthu cinanso cobisika. Pafupi ndi axle ya kumbuyo pali valavu yolumikizidwa ndi kandodo ka citsulo. Galimoto ikatsika ndi katundu, kandodoko kamakankha valavu, ndipo mabuleki akumbuyo amalandira mphamvu yambiri. Ikakhala yopepuka amalandira pang'ono, kuti matayala asakwekwereze. Tsono mukaonjezera ma leaf kapena kukweza kumbuyo popanda kukonzanso kandodoko, galimoto sitsika monga kale, ndipo valavu imapereka mphamvu ya galimoto yopepuka pamene yasenza katundu wodzaza. Nchito yambiri yoimitsa imatsalira mabuleki akutsogolo. Mwini galimoto amakhala atalipira ndalama kuti afooketse mabuleki ake, iye osadziwa.

Caciwiri ndi matayala. Tayala lililonse lili ndi nambala yosonyeza kulemera kumene lingasenze. Mwacitsanzo, pa tayala la vaneti lolembedwa 195R14C 106, nambala ya 106 ikutanthauza makilogalamu 950. Tayala lolemedwa limatentha, ndipo m'dzuwa la mu October limaphulika mosacenjeza. Palinso manambala anai osonyeza pamene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata la 23 la caka ca 2019. Ogula matayala ogwiritsidwa kale nchito aziwerenga manambala amenewa, cifukwa mphira imakalamba ngakhale mano a tayala akali ooneka bwino.

Cacitatu ndi mabering'i, axle ndi chassis. Zonsezi zimasenzabe kulemera konse. Sipuring'i yolimba kwambiri simeza kugunda, imakupereka ku chassis, ndipo m'kupita kwa nthawi ming'alu imayamba. Mavaneti a zitseko zinai ali pangozi yaikulu pa cimeneci, popeza gawo lalikulu la bodi yao lili kuseri kwa axle. Katundu wolemera akaikidwa kumapeto, chassis imatha kupindika pakati pa kebini ndi bodi.

Cacinai ndi kugubuduka. Tonse tinaonapo njinga za ogulitsa makala zikulowa mumzinda m'mamawa, matumba atasanjikidwa mpaka kupitirira mutu wa mwini njinga. Kamphepo kapena kadzenje kakang'ono n'kokwanira kuigwetsa, cifukwa kulemera kuli pamwamba. Galimoto ndi cimodzimodzi. Vaneti ndi yaitali kale kuposa galimoto yaing'ono. Mu 2016 magazini ya ku Sweden, Teknikens Värld, inayesa Hilux yatsopano, yosakwezedwa n'komwe, poikhotetsa mwadzidzidzi ngati ikuzemba nyama pamsewu. Pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola, matayala a mbali imodzi ananyamuka ndipo inatsala pang'ono kugubuduka. Kampani inakonza vutolo pambuyo pake. Ngati akatswiri a ku fakitale amafunika kuyeza ndi kukonzanso, nanga bwanji galimoto imene yakwezedwa pansi pa mtengo, ndi kukweza anthu 20 ataimirira kumbuyo? Mwana akathamangira mumsewu, woyendetsa adzakhotetsa asanaganize, ndipo pamenepo ndi pamene mamilimita oonjezera aja amalipiridwa.

Lamulo lacisanu limafika ndi ku galaji

Malipoti a apolisi amasonyeza kuti m'zaka zaposacedwa anthu pafupifupi 2,000 amafa pa ngozi za pamsewu caka ciliconse muno m'Zambia. Pa dziko lonse, lipoti la World Health Organization la mu 2023 linati ndi anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa caka. Sitikunena kuti onsewa amafa cifukwa ca masipuring'i. Liwiro, mowa ndi tulo ndizo zimatsogola. Koma galimoto yolemedwa ndi yosinthidwa mosasamala imasandutsa kulakwa kwakung'ono kukhala maliro a anthu ambiri.

Pophunzitsa malamulo khumi timakonda kufulumira pa lacisanu, poganiza kuti pakati pathu palibe wakupha. Koma Mpingo umaphunzitsa kuti lamuloli limaletsanso kuika moyo wa anzathu paciswe popanda cifukwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2290, amaika mlandu waukulu pa amene amaika pangozi moyo wao ndi wa ena pamsewu cifukwa ca kuledzera kapena kukonda liwiro. Mu June 2007, bungwe la ku Vatican limene panthawiyo linkaona za anthu osamuka ndi apaulendo, motsogoleredwa ndi Kadinala Renato Martino, linatulutsa malangizo a ubusa wa pamsewu, okumbutsa oyendetsa kuti ali ndi udindo pa moyo wa anzao, makamaka ofooka.

Ngakhale m'Cipangano Cakale nzeru imeneyi ilimo. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda kuzungulira denga, popeza anthu a kumeneko ankakhala pamwamba pa nyumba zao, kuti wina akagwa mlandu usakhale pa mwini nyumba. Mulungu amasamala ndi mmene timamangira zinthu zimene anthu ena adzakwerapo. Mwini vaneti, makaniko, ndi ife amene timaumiriza woyendetsa kuti aonjezere thumba limodzi kapena munthu mmodzi, tonse tili ndi gawo.

Ndipo tivomereze kuti pa maliro ndi pamene kukana kumavuta koposa. Ndani angauze mai wolira kuti atsike, malo atha? Komabe ndi cikondi cacikulu kukonzeratu galimoto yaciwiri kuposa kukumba manda ena sabata yotsatira.

Kwa eni magalimoto

Musanakweze, funsani kuti vuto lenileni n'ciani. Nthawi zambiri vaneti imene yagwa kumbuyo imangofuna masipuring'i atsopano a muyeso wake, ma shock atsopano ndi timphira tatsopano. Zimenezi zokha zimabwezera msinkhu wake ndi kuyenda kwake kwabwino. Ngati katundu wanu amapitirira tani imodzi masiku onse, cimene mukufuna ndi galimoto yaikulu monga Canter, kapena maulendo awiri.

Ngati misewu ya kwanu ikufunadi galimoto yokwera, kwezani pang'ono, ndi zipangizo zopangidwira galimoto yanu, masipuring'i ndi ma shock pamodzi. Siyani kumbuyo kokwerako pang'ono ngati mumanyamula katundu. Nchito ikatha, pitani kukayezetsa matayala akutsogolo kuti aime moongoka, konzetsani nyali, onetsetsani kuti mapaipi a mabuleki sakukungika, ndipo funsani makaniko za valavu ija. Pakapita masiku owerengeka, mabauti onse amangidwenso. Funsaninso a RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la mu 2002, ndi a inshuwalansi yanu, ngati kusinthako n'kololedwa. Safunsa anadya phula. Katundu wolemera azikhala pansi ndi kufupi ndi kebini, ndipo galimoto yokwezedwa iziyenda pang'onopang'ono pokhota kuposa kale.

Kwa ife ocita hayala ndi okwera

Tisanyengedwe ndi vaneti imene sitsika. Tiziwerenga matumba ndi anthu, osati kuyang'ana msinkhu wa galimoto. Tiziyang'ana matayala tisanakwere. Okwera kumbuyo azikhala pansi m'kati mwa bodi, osati m'mphepete kapena pamwamba pa katundu, ndipo asaimirire ngakhale nyimbo itakoma. Okalamba, oyembekezera, odwala ndi ana aang'ono apatsidwe malo kutsogolo.

Makomiti a maliro m'miphakati yathu angathandize kwambiri. M'thumba la zopereka mukhale gawo la mayendedwe, kuti tsiku la maliro pakhale minibasi ya anthu ndipo vaneti inyamule bokosi, nkhuni ndi ziwiya. Pasankhidwe munthu mmodzi wolemekezeka woima pa galimoto ndi kunena kuti yakwana, ndipo onse agwirizane pasadakhale kuti adzamumvera. Akuluakulu a kwaya ndi a acinyamata acitenso cimodzimodzi pa maulendo ao.

Pa 25 July timakumbukira Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, ndipo ambiri amabwera ndi magalimoto ao kwa ansembe kuti adalitsidwe. Ndi mwambo wabwino, tiupitirize. Koma popempha dalitso timakhala tikulonjezanso kuti galimotoyo tidzaigwiritsa nchito monga Mulungu afunira. Mwini vaneti amene akonzekera kubwera nayo ku dalitso ayambe wawerenga kacitsulo ka pa khomo, apite nayo kwa makaniko wodziwa, ndipo atsimikize mumtima kuti sadzapitirira nambala yolembedwapo, ngakhale wamalonda amuonjezere ndalama. Ambuye atisunge tonse paulendo, oyendetsa ndi okwera omwe.